Timiyala pa Maloko

Anayamba kukaona kamwalako ndi mayi wa pa golosale. Anadzuka m'bandakucha kuti akatsegule, makiyi ali m'manja, tulo tili m'maso, ndipo atangogwira loko wa pa chitseko chachitsulo kanthu kanagwa n'kudumphadumpha pa simenti. Kanali kamwala kakang'ono, koyera, kosalala ngati nyemba. Anakakankha ndi phazi, natsegula golosale yake, n'kuiwala. Koma m'mawa mwake kamwala kanali pomwepo, pamwamba pa loko, katakhazikika bwinobwino ngati wina anachita kukaika ndi zala ziwiri. Apa mayiyo sanakakhudze. Anaitana neba wake, wometa tsitsi.

Wometayo anali munthu wa pakamwa, wodziwa zonse asanauzidwe. Anawerama, nakayang'ana kamwalako mbali iyi ndi mbali iyo, kenako anathamangira ku kanyumba kake kometera. Pa loko wake panalinso kamwala. Pa geti la makaniko, kamwala. Pa chitseko cha telala, kamwala. Msewu wonsewo, paliponse pamene panali loko, panali kamwala koyera pamwamba pake.

"Atichonga," anatero wometa motsitsa mawu. "Amayi, apa atichonga. Ndi mmene amachitira asanabwere."

"Asanabwere ndani?" anafunsa mayi wa pa golosale.

"Mukufunsa ndani? Kodi wailesi yanu mumangoimvera nyimbo?"

Masiku amenewo dziko lonse linali kale pa mantha. Wailesi inkanena za adani a dziko m'mawa, masana ndi madzulo, ngakhale panalibe munthu amene anamuonapo mdani ndi maso. Ofesi ya zachitetezo inali itaika nyali yaikulu pamwamba pa nsanja, yooneka m'tauni yonse. Ikakhala yobiriwira, ndiye kuti gonani. Ikakhala yachikasu, khalani tcheru. Ikafiira, aliyense adziteteze, ndipo amuna a m'misewu ankaloledwa kuyenda usiku ndi zibonga. Anthu ankaiyang'ana nyaliyo asanatseke zenera, ena ankachita kudzuka pakati pa usiku kukaisuzumira. Ankakhulupirira kuti pansi pa nsanjapo pali akuluakulu odziwa zinthu zobisika.

Amene ankadziwa chimene chimasintha nyaliyo anali mayi wina wa mumsewu womwewo. Dzina lake lenileni anthu analiiwala, ankangomuti Halo, chifukwa ntchito yake inali yoyankha mafoni usiku ku ofesi ya zachitetezoyo. Chipinda chimene ankagwiramo ntchito chinali chachitali, cha matebulo ondondozana, chonunkha tiyi wozizira ndi fumbi la mawaya. Pa tebulo lililonse panali foni ndi batani lakuda. Munthu akaimba kunena kuti waona chachilendo, iwe unkamvetsera, n'kumuuza kuti, "Zikomo pokhala tcheru. Tsekani chitseko, musatsegulire aliyense," kenako n'kudina batanilo. Mabatani akadinidwa kwambiri, nyali inkasintha yokha. Basitu. Panalibe wofunsa ngati choonedwacho chinali mdani, galu, kapena malaya a neba ali pa chingwe.

Halo ankakhala ndi bambo ake okalamba, amene anagwira ulonda moyo wawo wonse m'masitolo ndi m'nyumba zosungira katundu, mpaka mawondo anakana. Tsopano mutu nawo unali utayamba kuthawa. Ankaiwala kuti adya, nthawi zina ankamuitana Halo ndi dzina la malemu mayi ake, ndipo masana onse ankawodzera pa mpando wa pakhonde, kukamwa kuli yasa. Madzulo Halo ankawapatsa chakudya ndi mankhwala, n'kuwagoneka, n'kunyamuka. Pobwera m'mawa ankawapeza ali m'bulangete mpaka m'khosi, ali phee ngati mwana womvera.

Mafoni a timiyala anayamba kugwa usiku womwe uja. Woyamba anali telala.

"Ndinamva mapazi, achemwali. Oyenda mokwekweretsa, phazi limodzi lolemera kuposa linzake. Anaima pa chitseko. Anagwedeza loko pang'onopang'ono, khwekhwere khwekhwere. Kenako anagogoda ndi chinthu ngati ndodo, kawiri. Kenako ananong'ona."

"Ananong'ona kuti chiyani?"

"Ndikanamva bwanji? Ndinali kunsi kwa bedi!"

Halo anadina batani. Usiku wotsatira anadina kambirimbiri. Nkhani inkakula poyenda. Ena ankati munthuyo ndi wamtali kuposa chitseko. Ena ankati samalankhula chinenero chathu. Kunamvekanso kuti mwana wina amene anatola kamwalako anasanza usiku wonse, koma mwanayo palibe ankamudziwa, aliyense ankati ndi wa mumsewu winawo. Nyali inasanduka yachikasu. Itangotero, anayamba kuimba ngakhale anthu a kutali amene kwawo kunalibe chilichonse. Anaona miyala pa msewu. Abale inu, miyala yakhala ili pa msewu chilengedwere dziko, koma tsopano inali nkhani ya ku ofesi.

Tsiku lina masana Halo anasonkhanitsa zovala kuti achape. Kuseri kwa chitseko cha chipinda cha bambo ake kunali chikhothi chawo chakale cha ulonda, chokhuthala, chong'ambika m'zigongono. Atachitsitsa anamva kulemera mbali imodzi. Anapisa dzanja m'thumba, ndipo zala zake zinakumana ndi timiyala tozizira, tosalala, todzaza thumba lonse. M'mphepete mwa chikhothicho munali matope osauma.

Anakhala pansi pomwepo. Anakumbukira ali wamng'ono, bambo ake akumuonetsa ntchito yawo pa nyumba ina yosungira katundu. Anamuuza kuti loko ukamugwedeza n'kupeza ali bwino, umamuika kamwala pamwamba, kuti ukadzazunguliranso n'kupeza kamwalako kagwa, udziwe kuti wina wagwirapo. Ukatero umagogoda kawiri kuti amene ali m'kati adziwe kuti mlonda wadutsa.

Anatuluka pakhonde n'kuwagwedeza paphewa. "Bambo, mumapita kuti usiku?"

Anatsegula maso pang'onopang'ono. "Kuntchito, mayi."

"Ntchito yanji? Wakulembani ndani?"

Madalawo anaseka, chiseko chaching'ono cha munthu amene wafunsidwa zachibwana. "Ulonda amachita kulemba? Kukada, wadzuka basi. Anthu a muno amagona ngati akufa, maloko osayang'ana. Wina aziwayang'anira."

"Mumatulukira pati?"

"Pa chitseko. Ndine mfiti ine?"

Halo anachita mantha kuposa anthu onse a mumsewumo, chifukwa iye yekha ndiye ankadziwa chimene ankaopa. Mdani wa dziko lonse anali pakhonde pake, atavala sokosi zosiyana, akuwodzera. Ndipo kunja kuno amuna anali atayamba kale kusema zibonga.

Madzulo amenewo anafika msanga kuntchito n'kugogoda pa chitseko cha mkulu wa ofesiyo. Antchito ankamutcha Bwana Tcheru, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Halo anakhuthula timiyala tija pa tebulo, nafotokoza zonse. Bwanayo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako analeka kuseka, nadzuka kukatseka chitseko.

"Ndiye ukufuna ndikauze dziko kuti chiyani?" anafunsa. "Kuti nyali yasintha chifukwa cha nkhalamba ndi timiyala?"

"Ndi zoona zake zimenezo, bwana. Mukangonena pa wailesi, anthu agona."

"Sagona. Anena kuti tikubisa. Anena kuti adani atigula." Anakankha kamwala kamodzi ndi chala. "Wagwira ntchito muno nthawi yaitali, koma sunamvetsebe. Ife sitilonda zimene zilipo, timalonda zimene anthu akuopa. Akaopa madzi, timaika asilikali pa mipopi. Akaopa alendo, timatseka misewu. Akuluakulu kumwambako safunsa kuti kunja kuli chiyani, amafunsa kuti anthu akuti chiyani. Lero anthu akuti kuli mdani. Ine ndine ndani kuti ndiwalande mdani wawo?"

"Bwana, awapha bambo anga."

"Ukalankhula, mawa kumveka kuti mdani ali ndi mwana wake m'kati mwa ofesi ya zachitetezo. Pamenepo sindingakuthandize, iwe kapena iwowo. Pita ukawatsekere. Timiyala tikaleka, mafoni achepa, nyali ibwerera yokha. Palibe amene achite manyazi."

Halo anagula loko wamkulu. Madzulo aliwonse ankawagoneka bambo ake, n'kutseka chitseko cha nyumba kunja. M'mawa ankawapeza ataima kuseri kwa chitsekocho, chikhothi chili m'thupi, ndodo ili m'manja, miyendo itatupa chifukwa choima usiku wonse.

"Ndalakwa chiyani, mayi, kuti unditsekere ngati mbava?" ankafunsa. Halo ankalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asamve kulira kwake.

Timiyala tinalekadi. Koma mafoni sanachepe ayi. Wometa ndiye anamasulira nkhaniyo, lumo lili pa mutu wa munthu, anthu atadzaza pa benchi. "Aleka kuchonga chifukwa amaliza," anatero. "Chatsala n'kubwera basi." Usiku umenewo anthu anaimba chifukwa sanamve kanthu. "Kuli zii, achemwali, zii woopsa. Ngakhale agalu sakuuwa." Halo ankadina batani, akudziwa kuti kudina kulikonse kukuyandikiza chibonga pa mutu wa bambo ake. Sabata isanathe nyali inafiira.

M'mawa mwake galimoto ya ofesi inazungulira m'misewu kugawa mawezulo, nyumba iliyonse mmodzi. Amuna anasankha wometa kukhala mtsogoleri wa oyenda usiku. Halo anapempha tchuti, koma Bwana Tcheru anamuuza kuti nyali ikafiira palibe wopita kwawo, ndipo geti la ofesi limatsekedwa mpaka kucha. Anaganiza zongomuuza zoona wometayo, munthu amene ankawameta bambo ake mwezi ndi mwezi, kuwaseka za dazi lawo. Anapita. Anamupeza kuseri kwa kanyumba kake akunola chikwanje, thukuta lili kamukamu.

"Mwabwera bwino, achemwali a ku ofesi," anatero osasiya kunola. "Mukawauze mabwana anu kuti tikamugwira, ku polisi sakafika. Iyeyo, ndi amene amamusunga, ndi nyumba yake yomwe. Munafuna kunena kanthu?"

"Ayi," anatero Halo. "Ndimangodutsa."

Usiku umene zinachitika kunali mdima wandiweyani, wopanda mwezi, ndipo magetsi a mumsewu anali atazimitsidwa monga mwa lamulo la nyali yofiira. Kuwala kokha kunali kwa nyaliyo, kofiirira pa malata ndi pa makoma. Chapakati pa usiku wina analiza wezulo kumapeto kwa msewu. Pambuyo pake kunadziwika kuti anaona mphaka pa mpanda. Koma a ku ofesi pogawa mawezulo aja sanadziwe kuti kwa alonda wezulo ndi chinthu china. Mlonda akamva wezulo, ndiye kuti mnzake wapanikizika, ndipo sakhala pansi ngakhale atadwala bwanji. Madala aja anamva. Chitseko chinakana. Analowa m'khitchini, nachotsa magalasi a pa zenera limodzilimodzi, nawasanjika bwino pa tebulo kuti asasweke, natuluka.

Foni ya pa tebulo la Halo inalira. Anali mayi wa pa golosale, amene masiku amenewo ankagona m'golosale momwemo kulonda katundu wake. Ankanong'ona moti mawu ankachita kuduka.

"Wabwera. Ali panja. Mverani."

Halo anamva. Mapazi okwekweretsa, phazi limodzi lolemera. Anaima. Loko analira, khwekhwere khwekhwere. Kenako ndodo pa chitsulo, kawiri. Kenako mawu amene anawadziwa chibadwire, otsika, otopa, achifundo.

"Zili bwino. Gonani."

"Amayi!" Halo anakuwa mpaka anzake onse anatembenuka. "Ndine Halo, neba wanu! Musalize wezulo! Ndi bambo anga amenewo, tsegulani muwalowetse!"

Koma munthu amene wakhala milungu yambiri akudikira mdani samva dzina la neba. Wezulo analira m'foni momwemo, mobaya khutu. Ena anayankha, pafupi, patali, msewu wonse. Mapazi ambiri anabwera akuthamanga. Ndipo pakati pa mawezulo atsopano aja panamveka wina wosiyana, wachitsulo, wosasa mawu, wakalekale.

"Ndabwera, anzanga!" anafuula madala aja. "Ali kuti wakubayo?"

Zimene zinatsatira Halo anazimva zonse, chifukwa mayi uja anaponya foni pansi osaidula. Halo anathamangira ku geti, koma msilikali anamuuza kuti lamulo ndi lamulo. Atabwerera m'chipinda muja anapeza foni ikadali pa tebulo, ili chete, ndipo mnzake wa tebulo loyandikana anali atamudinira kale batani.

Akuti tochi itawala pa nkhope ya madalawo, wometa anataya chikwanje n'kukhala pansi pa msewu. Koma pofika m'mawa pakamwa pake panali patabwerera. "Mumdima munthu angadziwe bwanji?" ankauza aliyense. "Nanga iwowo ankafuna chiyani pa maloko a eni?" Wailesi inanena kuti nzika zatcheru zalepheretsa chiwembu usiku wapitawo, ndipo inayamikira anthu chifukwa chogwirizana ndi a zachitetezo. Dzina silinatchulidwe. Bwana Tcheru anamuitana Halo, namupepesa ndi mawu ofewa, namupatsa tchuti chimene anamukaniza chija. Anamukumbutsanso kuti za mu ofesi zimathera mu ofesi.

"Nanga nyali?" anafunsa Halo.

"Anthu akuimba kuposa kale," anatero bwanayo, akuyang'ana pa zenera. "Akuti ngati mmodzi wapezeka, ndiye kuti alipo ambiri."

Pa maliro anthu a mumsewu anabwera onse, ndipo anaimba nyimbo mokweza kwambiri, maso ali pansi. Halo anawaveka bambo ake chikhothi chija. Timiyala tonse, ta m'thumba ndi timene anatola pa tebulo la bwana, anatiika m'bokosi momwemo pamodzi ndi wezulo ndi ndodo. Anaona yekha dothi likutsekera. Sanakhululukire aliyense, ndipo iye mwini sanadzikhululukire. Tchuti chitatha anabwerera kuntchito, chifukwa munthu ayenera kudya.

M'mawa wina akuchokera kuntchito anapeza mayi wa pa golosale ataima pa chitseko chake, makiyi ali m'manja, osasuntha. Pamwamba pa loko panali kamwala koyera. Kwa telala, kamwala. Kwa makaniko, kamwala. Halo anayenda osalankhula ndi munthu mpaka pa nyumba yake. Pa loko wamkulu uja, amene anagula kuti atsekere bambo ake, panali kamwala katakhazikika bwinobwino. Sanakakhudze. Anakhala pa sitepe mpaka dzuwa linatentha.

Msewu wonse unali ndi timiyala, kupatula zitseko za amuna amene anali ndi zibonga usiku uja. Ndipo anthu ndife odabwitsa. Omwe aja amene ankalowa kunsi kwa bedi chifukwa cha kamwala, tsopano ankadzuka m'mawa kukaona ngati kalipo, akakapeza n'kupuma. Amene analibe ndiwo anayamba kuwonda. Ena anasamuka usiku osatsanzika. Wometa anatsala. Anayesa kudziikira yekha kamwala pa loko wake madzulo, koma m'mawa ankakapeza pansi, patali ndi chitseko. Manja anayamba kumunjenjemera moti anthu analeka kumupatsa mitu yawo.

Usiku wina, kunja kukuwomba kamphepo kozizira, foni ya Halo inalira. Kwa kanthawi kunkangomveka kupuma.

"Halo? Ndinu, achemwali? Ndine wometa."



"Amabwera," ananong'ona wometayo. "Usiku uliwonse. Ndimawamva akuyambira kumtunda, phazi lija likukwekwereza. Amagwedeza loko kwa makaniko, n'kugogoda. Kwa telala, n'kugogoda. Pa golosale ndimamva ndi mawu omwe, akuti zili bwino, gonani. Kenako amafika pa chitseko changa." Anatsitsanso mawu. "Amaima. Amaima nthawi yaitali, achemwali. Sagwira loko. Sagogoda. Sanena kanthu. Kenako amapitirira. Panopa ali pomwepa, ndikuona mthunzi wa mapazi awo kunsi kwa chitseko. Chonde, inu ndi mwana wawo, angakumvereni. Auzeni andiikireko kamwala. Kamodzi kokha, ndigoneko."

Halo anakanikiza foni pa khutu. Kuseri kwa kupuma kwa wometayo sikunkamveka chilichonse, ndipo anamvetserabe, nthawi yaitali, akulakalaka atamva phazi lija ngakhale kamodzi. Pa zenera la chipindacho kuwala kwa nyali kunkagwera pa matebulo, pa mafoni, pa manja ake.

"Zikomo pokhala tcheru," anatero. "Tsekani chitseko, musatsegulire aliyense."

Anadula foni, nadina batani.